Nyumba yasintha ntchito, nanga mawaya ake?

Aliyense amene anadutsa pa Jenda, pa Embangweni kapena pa boma la Mzimba zaka 10 zapitazo, akabwerako lero avomereza kuti nyumba zambiri zasintha ntchito. Imene inali yogona banja tsopano ndi golosale ya mafiliji awiri. Imene inali sitolo ya nsalu yagawidwa zipinda zisanu za lendi. Chipinda chimene ankasungiramo chimanga chasanduka saluni, ndipo kuseri kwake mnyamata akuwotcherera mafelemu a mawindo. Khoma lapakidwa penti yatsopano, chikwangwani chakhomedwa, koma mawaya a magetsi amene ali m'khomamo ndi kudenga ndi omwe aja anaikidwa pamene mwini nyumba ankangofuna mababu anayi ndi wailesi.

Nkhaniyi ambiri sitiiganizira chifukwa mawaya saoneka. Denga likadontha timaona, khoma likang'ambika timaona, koma waya akamatentha mkati mwa paipi palibe amadziwa mpaka tsiku limene utsi watuluka. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kumwera kwa boma lino, ndipo ophunzira athu ambiri amagona m'zipinda za lendi zimene kale zinali masitolo kapena mosungira mbewu. N'chifukwa chake ndafuna tikambirane zimene zimafunika pa magetsi nyumba ikasintha ntchito kapena ikasintha chiwerengero cha anthu okhalamo.

Magetsi abwera, nyumba zasanduka bizinesi

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'tauni. Kumidzi magetsi akhala akufika pang'onopang'ono kudzera mu ndondomeko ya MAREP, imene inayamba m'chaka cha 1980 ndipo imalunjika kwambiri malo a malonda. Mapolo akangoimikidwa pamalo, mitengo ya nyumba imakwera ndipo aliyense amaganiza za geni. Izi n'zabwino, ndipo ndicho cholinga chenicheni cha magetsiwo.

Kuno ku Mzimba pali chinanso. Kuyambira kalekale anthu a boma lino amapita ku Joni kukagwira ntchito, ndipo ndalama za kumeneko zamanga nyumba zambiri za malata kuyambira ku Edingeni mpaka ku Luwerezi. Mwini wake ali ku South Africa, nyumba yasiyidwa m'manja mwa mchimwene kapena mlamu. Chaka chino mukukhala mphunzitsi ndi banja lake, chaka chamawa mwalowa wogulitsa nsomba za m'filiji, chaka chinacho mwasanduka malo ogona alendo. Aliyense wolowa amabwera ndi zipangizo zake, ndipo amaitana mnyamata wodziwa kugwira mawaya kuti amuwonjezerere soketi apa ndi apo. Pakatha zaka zisanu palibe munthu ngakhale mmodzi amene anganene kuti waya uyu wachokera pati ndipo wanyamula zingati.

Masamu ochepa amene angapulumutse nyumba

Zimene ndikufuna kufotokoza apa ana athu amaphunzira m'kalasi ya Fizikisi, koma zimathera m'kope. Magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi amabwera pa mavolti 230. Chipangizo chilichonse chimalembedwa mawati amene chimadya. Mukagawa mawatiwo ndi 230 mumapeza maampu, ndiye kuti kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda m'waya. Waya aliyense ali ndi malire ake a maampu malinga ndi kunenepa kwake, monga mmene mlatho wa mitengo umene anaumangira njinga ndi ngolo sungapirire lole yodzaza mabelo a fodya.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Banja lili ndi mababu 8 a mawati 10, wailesi yakanema ya mawati 100, filiji ya mawati 150 ndi simbi ya mawati 1,200. Zonse zikayaka nthawi imodzi ndi mawati 1,530, omwe ndi maampu pafupifupi 7. Waya wa m'masoketi, uja amisiri amamutcha 2.5, amanyamula maampu a pakati pa 20 ndi 27 kutengera mmene anamuyalira. Apa palibe vuto lililonse.

Tsopano nyumba yomweyo yagawidwa zipinda 6 za lendi, ndipo m'chipinda chilichonse muli mbaula ya magetsi ya mawati 1,500. Anthu onse amaphika nthawi imodzi, m'mamawa ndi madzulo. Apa tafika pa mawati 9,000, omwe ndi maampu 39, osawerengera simbi, ketulo ndi makoyilo otenthetsera madzi amene amachuluka miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye. Choopsa n'chakuti kutentha kwa waya sikukwera mofanana ndi maampu. Maampu akachuluka kawiri, kutentha kumachuluka kanayi. M'chitsanzo chathuchi maampu achuluka pafupifupi ka 6, choncho ngati zonse zikudutsa m'waya mmodzi, kutentha kwake kwachuluka kopitirira ka 30. Pulasitiki wokuta waya amafewa, kenako amauma n'kuyamba kusweka, mawaya awiri amakhudzana, ndipo moto umayambira kudenga kumene kuli mitengo youma.

M'bokosi la magetsi muli buleka, imene ntchito yake ndi kudula magetsi waya asanapse. Buleka ikamagwa kawirikawiri ndiye kuti ikugwira ntchito yake, ikukuuzani kuti katundu wachuluka. Koma zimene ambiri amachita n'kuchotsa buleka ya maampu 20 n'kuikapo ya 40 kapena 60 kuti isamavutitse. Ena amamanga fyuzi ndi kawaya kapena kukulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Akatero magetsi sathimanso, inde, koma waya ndi yemwe uja, ndipo mlonda amene ankamuteteza wachotsedwa.

Zomwezi zimachitika ndi ekisitenshoni. Zambiri zimalekeza pa maampu 13, omwe ndi mawati pafupifupi 3,000. Ketulo ya mawati 2,000 ndi mbaula ya mawati 1,500 zikalowa pa ekisitenshoni imodzi, malire apyola kale, ngakhale mabowo ena atatu akadali opanda kanthu. Zotchipa zimene zadzaza m'misika yathu zili ndi timawaya toonda kwambiri moti sizifika n'komwe pa malire olembedwawo.

Malamulo akuti bwanji?

Ena amaganiza kuti munthu akangolumikiziridwa magetsi, zam'kati mwa nyumba ndi zake, angachite mmene wafunira. Mbali ina n'zoona: udindo wa ESCOM umathera pa mita, ndipo kuchokera pamenepo kulowa m'nyumba wosamalira ndi mwini nyumba. Koma udindo umenewu uli ndi malamulo ake.

Malamulo a Energy Regulation Act ndi Electricity Act a chaka cha 2004 ndiwo maziko a kayendetsedwe ka magetsi m'dziko muno, ndipo ndi amene anabweretsa bungwe la MERA. Bungweli limapereka ziphaso kwa amisiri oyala mawaya a magetsi, m'magulu osiyanasiyana malinga ndi kukula kwa ntchito imene mmisiri angaigwire, ndipo limalengeza mayina a amene ali ndi ziphasozo. Nyumba yatsopano isanalumikizidwe, ESCOM imafuna mapepala ochokera kwa mmisiri wovomerezeka ndipo imayendera ntchitoyo. Vuto ndi lakuti kuyenderako kumachitika tsiku loyamba lija. Zimene zimawonjezeredwa pambuyo pake, zomwenso zimayenera kugwiridwa ndi mmisiri wa chiphaso, nthawi zambiri zimachitika popanda wina kuziona.

Chachiwiri, mitengo ya magetsi ili m'magulu. Wa m'nyumba yogona ndi wina, wa malo a bizinesi ndi wina. Nyumba ikasanduka shopu kapena malo ogona alendo, mwini wake ayenera kudziwitsa ESCOM. Ambiri amabisa poopa kuti mayunitsi akwera mtengo, koma kubisako kumachititsanso kuti pasapezeke woona ngati waya wochokera pa polo, mita ndi thiransifoma ya pamalopo zingakwanitse katundu watsopanoyo. Kukoka waya kuchokera m'nyumba mwanu kupatsira nyumba ina kapena okala ya mnzanu n'kosaloledwa, ngakhale nonse mutagwirizana zogawana mayunitsi.

Chachitatu, lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa lija la 1988, limawerengera kusintha kwakukulu kwa ntchito ya nyumba ngati chitukuko chofunika chilolezo. Kwa ife kuno ndiye kuti khonsolo ya M'mbelwa ili ndi mawu pa nyumba yogona imene ikusanduka malo a malonda. Palinso lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, limene limapatsa olemba anthu ntchito udindo woonetsetsa kuti malo a ntchito ndi otetezeka. Mtsikana wogwira ntchito mu saluni ndi mnyamata wa m'chigayo nawonso ndi antchito, ndipo moyo wawo uli m'manja mwa bwana wawo.

Ntchito iliyonse ili ndi zofuna zake

Kusintha kwa ntchito ya nyumba sikungochulukitsa maampu okha. Kumabweretsanso zoopsa zimene poyamba kunalibe.

Mu saluni, mu resitoranti ndi m'butchala muli madzi, ndipo anthu amagwira zipangizo ndi manja onyowa. Buleka wamba imateteza waya, siteteza munthu. Magetsi ochepa kwambiri, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a ampu imodzi, akadutsa pamtima akhoza kupha, pamene buleka ya maampu 32 siingamve n'komwe. Malo otere amafunika kachipangizo kamene amisiri amati earth leakage kapena RCD, kamene kamadula magetsi m'kuphethira kwa diso kakangomva kuti mamiliampu 30 akuthawira kwina. Kali ndi batani loyesera, ndipo mwini malo ayenera kumalidina nthawi ndi nthawi kuti aone ngati kakugwirabe ntchito.

Wowotcherera zitsulo sayenera kulowetsa makina ake pa soketi ya pabalaza. Makina amenewa amatha kukoka maampu 20 kapena 30, ndipo ndicho chifukwa chake mababu a anthu oyandikana nawo amaphethira akayamba ntchito. Amafunika waya wakewake wonenepa, kuchokera m'bokosi, ndi buleka yakeyake. Chigayo nacho chimafuna magetsi a three-phase, a mavolti 400, okhala ndi swichi yodulira pafupi ndi makina. Fumbi la ufa likadzaza m'bokosi la magetsi limagwira moto msanga, choncho mabokosi a m'chigayo ayenera kukhala otsekeka bwino.

Nyumba yosungira chimanga, soya kapena nyemba imaitana makoswe, ndipo khoswe amatafuna pulasitiki wa waya monga mmene amatafunira thumba. Mawaya a mmenemo ayenera kuyenda m'mapaipi, osati kungolendewera pa mitengo ya denga. Okala ya malata kapena kontena imafunika kulumikizidwa bwino ku waya wa earth ndi chitsulo chokhomedwa pansi, apo ayi waya mmodzi akasupuka n'kukhudza lata, khoma lonse limagwira nyesi mwana aliyense wotsamirapo. Ndipo mafuta akasowa pa mafilingi sitesheni, ena amasunga zigubu za petulo m'chipinda chimene chili ndi swichi yothetheka. Mpweya wa petulo sudikira lawi lalikulu, kamoto ka m'swichi n'kokwanira.

Malo osonkhana anthu ambiri, monga moonetsera mpira, tchalitchi cha m'sitolo yakale ndi hositelo ya ophunzira, ali ndi vuto lina pamwamba pa magetsi. Nyumba imene inamangidwira anthu 6 ili ndi khomo limodzi lotsekukira mkati ndi mawindo a zitsulo zotchinga akuba. Mukalowa anthu 40, moto n'kubuka usiku magetsi atathima, khomo limodzilo silikwana. Pamafunika khomo lachiwiri, zitseko zotsekukira kunja, tochi kapena nyale ya batire pamalo odziwika, ndi bokosi la magetsi loti aliyense angalifikire, osati lotsekeredwa m'chipinda cha landilodi amene wapita ku Mzuzu ndi makiyi.

Katundu wa ku Joni, mawaya achinyengo ndi jenereta

Pali zinthu zitatu zimene zikuwonjezera ngozi kuno kwathu. Choyamba ndi mapulagi. Masoketi athu ndi a mtundu wa ku Britain, a mabowo atatu a makona, ndipo pulagi yake imakhala ndi fyuzi yosapitirira maampu 13. Katundu wochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira, yopanda fyuzi, yosalowa m'soketi yathu. M'malo mogula pulagi yoyenera, ena amadula pulagiyo n'kulowetsa mawaya awiri m'soketi, kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi. Pamenepo waya wa earth wasiyidwa, fyuzi palibe, ndipo malo olumikizira ndi olobodoka, omwe amatentha ngakhale katundu ali wochepa. Pulagi yabwino mtengo wake sufika ngakhale pa wa nkhuku imodzi.

Chachiwiri ndi mawaya achinyengo. Waya weniweni ndi wa kopa mpaka mkati. Pamsika pali ena amene kunja amaoneka ofiirira ngati kopa koma mkati ndi aluminiyamu kapena chitsulo, ndipo ena ndi oonda kuposa nambala imene yalembedwa pa chikutiro. Mukapala ndi mpeni n'kuona zoyera mkati, kapena maginito akamukoka, dziwani kuti si kopa. Waya wotere amatentha pa katundu amene waya weniweni akananyamula bwinobwino. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limayang'anira ubwino wa katundu, koma wogula naye asamangothamangira chotchipa.

Chachitatu ndi jenereta ndi sola. Chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, eni mabizinesi ambiri ali ndi jenereta kapena inveta. Ena amangotenga waya wa mapulagi awiri, mbali ina ku jenereta, mbali ina m'soketi ya kukhoma. Akaiwala kuthimitsa swichi yaikulu, magetsi a jeneretayo amabwerera m'mawaya a panja ndipo akhoza kupha wantchito amene wakwera polo akudziwa kuti mzerewo wathimitsidwa. Magetsi a ESCOM akayaka mwadzidzidzi, jenereta ndi zipangizo zimapsa. Njira yoyenera ndi swichi yosinthira, ija amati changeover, imene silola kuti magetsi awiriwa akumane. Jenereta isamayakirenso m'nyumba yotseka, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosanunkha.

Zimene anzathu amachita, ndi zimene taziona

Abale athu amene ali ku South Africa akudziwa za pepala lotchedwa Certificate of Compliance. Malamulo a kumeneko a 2009 amafuna kuti nyumba ikamagulitsidwa pakhale pepala limeneli, losapitirira zaka ziwiri, lotsimikiza kuti mmisiri wovomerezeka wayeza mawaya onse. Mukawonjezera kapena kusintha mawaya, pamafunikanso pepala la ntchito yatsopanoyo. Ku England, kuyambira 2020, eni nyumba za lendi amayenera kuyezetsa magetsi a nyumba zawo pa zaka zisanu zilizonse ndi kupereka lipoti kwa wokhalamo. Buku la malamulo oyalira mawaya la ku Britain, limene amisiri athu ambiri anaphunzira potsata njira zake, linatuluka koyamba mu 1882 ndipo lakonzedwa mpaka kufika ka 18 mu 2018. Malamulo amenewa sanalembedwe pofuna kuvutitsa anthu. Ambiri a iwo anabwera pambuyo pa ngozi.

Sitingaiwale za pa 31 Ogasiti 2023, pamene nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mumzinda wa Johannesburg inapsa n'kupha anthu 76, kuphatikizapo Amalawi anzathu. Nyumbayo inamangidwa ngati ofesi ya ziphaso m'nthawi ya tsankho, kenako inakhala malo osungira amayi ndi ana ovutika, ndipo pamapeto pake inalandidwa ndi anthu amene anaigawa tizipinda ta matabwa n'kumachititsa lendi. Munthu wina anavomera pamaso pa komiti yofufuza, imene ankaitsogolera ndi jaji wopuma Sisi Khampepe, kuti ndiye anayatsa motowo. Koma chimene chinachulukitsa imfa n'chakuti nyumba inasintha ntchito popanda kusintha chitetezo chake: magetsi anali olumikiza mwachinyengo, tizipinda tinali ta zinthu zoyaka msanga, ndipo njira zothawira zinali zotsekedwa.

Kuno kumpoto tikukumbukira za pa 18 Disembala 2015, pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa n'kuwononga mabuku pafupifupi 45,000, ndipo malipoti a nthawi imeneyo ankaloza vuto la magetsi. Izi zinachitika mumzinda momwe muli galimoto zozimitsa moto. Kuchokera ku Mzuzu kufika pa boma la Mzimba ndi makilomita opitirira 100, ndipo ku Khosolo kapena ku Mqocha n'kutali kuposa pamenepo. Kwathu kuno moto ukabuka, ozimitsa ndi anthu a ndowa ndi mchenga. Tilibe chodalira china koma kupewa.

Nanga ndalama zake?

Ndikudziwa zimene eni nyumba ena anganene: zinthu zakwera mtengo, waya wa kopa ndi wodula, ndipo mmisiri wa chiphaso amapezeka pa boma kapena ku Mzuzu, moti ungamulipire thiransipoti asanagwire n'komwe ntchito. Dandaulo limeneli n'lomveka. Koma munthu amene wapeza ndalama yogulira mafiliji awiri, kudzaza mashelefu ndi katundu ndi kulemba chikwangwani, waika chuma chake chonse pansi pa denga limodzi. Ambiri mwa mabizinesi amenewa alibe inshuwalansi, ndipo ena anayamba ndi ngongole ya banki mkhonde. Moto wa usiku umodzi umatenga nyumba, katundu ndi zaka zonse zimene munthu anavutika ku Joni, ngongole n'kutsala.

Kuyeza sikutanthauza kuchotsa mawaya onse. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wawerenga zipangizo zimene mukufuna kugwiritsa ntchito, kenako amaona kunenepa kwa mawaya ndi kukula kwa mabuleka. Ali ndi makina oyezera ngati pulasitiki wa mawaya akadali wabwino, ngati earth ikugwira, ndiponso ngati mawaya sanasemphanitsidwe m'masoketi. Nthawi zina chofunika n'kungowonjezera mizere iwiri yatsopano kuchokera m'bokosi ndi kuika RCD. Eni nyumba angapo a pamalo amodzi a malonda akhozanso kugwirizana kuitana mmisiri mmodzi tsiku limodzi n'kugawana mtengo wa ulendo wake. Akamaliza, akupatseni pepala lolembedwa zimene wapeza ndi zimene wakonza, lokhala ndi dzina ndi nambala ya chiphaso chake. Musachite manyazi kufunsa chiphasocho. Safunsa anadya phula.

Anyamata athu odziwa kugwira mawaya sindikuwanyoza. Ena ali ndi luso ndithu, ndipo ndi amene amatithandiza babu likavuta. Chimene akusowa ndi maphunziro ndi pepala. Bungwe la TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja monga Mzuzu Technical College alipo chifukwa cha anthu ngati amenewa. Malo alionse a malonda amene alandira magetsi akanakhala ndi mmisiri wake wovomerezeka, dandaulo la mtunda likanatha.

Zizindikiro zoti musazinyalanyaze

Inu amene mukuchita lendi kapena muli ndi mwana wogona m'chipinda cha lendi pafupi ndi sukulu, pali zinthu zimene mungaone nokha popanda makina. Soketi yakuda kapena yosungunuka m'mphepete. Fungo la pulasitiki wopserera. Swichi yolira kapena yothetheka. Pulagi yotentha mukaigwira. Mababu ochepa mphamvu wina akayatsa mbaula. Kanyesi pa chitseko cha filiji, pa mpopi kapena pa felemu ya windo. Mawaya olumikiza ndi pepala la pulasitiki la shuga m'malo mwa tepi. Buleka yogwa tsiku ndi tsiku. Chimodzi mwa zimenezi n'chokwanira kuthimitsa mzere umenewo ndi kuuza mwini nyumba tsiku lomwelo.

Aliyense wa m'nyumbamo, ngakhale mwana wa Fomu 1, adziwe pamene pali swichi yaikulu. Moto wa magetsi sathira madzi magetsiwo asanathimitsidwe. Thimitsani kaye, kenako gwiritsani ntchito mchenga kapena chozimitsira moto cha ufa. Munthu akagwidwa ndi nyesi musamukoke ndi manja. Thimitsani swichi, kapena mukankheni ndi mtengo wouma, ndipo mupite naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa magetsi amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Pempho langa

Kwa akuluakulu a khonsolo: chaka chilichonse eni mabizinesi amabwera kudzadula laisensi. Pamenepo ndi pamalo pabwino pofunsa pepala la mmisiri wa magetsi, makamaka kwa amene akutsegula bizinesi m'nyumba imene kale inali yogona, ndi kwa onse osunga anthu usiku. Kwa a MERA: mayina a amisiri ovomerezeka a m'boma lino amatidwe pa ofesi ya khonsolo, pa misika ndi m'maofesi a mafumu, chifukwa si onse ali ndi intaneti. Kwa makomiti a sukulu ndi aphunzitsi anzanga: teremu isanayambe tiziyendera zipinda zimene ophunzira athu akuchita lendi, ndipo tiziona soketi ndi zitseko monga mmene timaonera zimbudzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kwa makosi ndi mafumu athu: mawu anu amamveka pa misonkhano ya chitukuko kuposa kalata ya m'nyuzipepala, ndipo nkhaniyi ndi yoyenera kukambidwa kumeneko.

Kwa inu abale amene muli ku Joni ndipo nyumba zanu zili m'manja mwa ena kuno kumudzi: mukamaimba foni kufunsa ngati lendi yalowa, funsaninso amene akukhalamo tsopano, akuchitamo chiyani, ndipo ndani anagwira mawaya komaliza. Ndipo inu amene mukukonzeka kusandutsa nyumba yanu shopu, saluni kapena zipinda za lendi ndalama za fodya ndi soya zikalowa, pa mndandanda wa zogula muyambe mwalemba mmisiri wa magetsi. Wa penti ndi wa chikwangwani abwere pambuyo.